Bowa wa Mai Margareta

Lolemba, 25 Novembala 2024

Mvula yoyamba inagwa Loweruka, ya mphenzi. Lero m'mawa foni. Mai Eleanor, mwana wa a Elifala a kumtunda kwa Malomo, aja ndinawaikira pampu ya sola pachitsime chaka chatha. Bambo awo ali m'chipatala ku Lilongwe. Sitiroko. Dzanja lamanja lafa, pakamwa papotoka. Kunyumba nako mphenzi yawotcha zinthu. "Mubwere a Lidia, nsomba za adadi zitithera."

Ine wa mijigo ndi mapampu a m'dimba, nsomba ndazidziwira kuti? Koma pampu ndi pampu. Minibasi kuchoka pa Mponela mpaka Malomo, kenako kabaza wa njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo.

Chaka chatha thanki ya nsombayo ndinangoiona chodutsa, maganizo ali kuchitsime. Lero ndaima pamaso pake chikwama chili m'manja, kuiwala kuchiika pansi. Galasi lalitali ngati bedi, pabalaza. Nyali yabuluu pamwamba. Ndaviika chala, kulawa, kulavula. Mchere weniweni. Kumapiri kuno, komwe mchere timagula wa m'timapepala, munthu ali ndi nyanja m'nyumba.

Nsomba n'zochepa. Ziwiri zaolenji zamizere yoyera, zoyenda modzigwedeza ngati akwati, ina yachikasu ngati papaya wakupsa. Koma nkhani si nsomba. Nkhani ndi zomera pamiyala. China ngati nyanga za gwape, kunsonga kobiriwira. China timanja ta khanda tambirimbiri, tikufumbata, tikutambasula, popanda wotigwira. China chachikulu kuseri kwa mwala, ngati bowa wa utale, kukula ngati mbale, pamwamba pali ubweya.

A Elifala amazitcha makorale. Paja anandiuza: "Si maluwa awa, a Nachisale, ndi nyama. Zimadya, zimakwiya." Ndinkati nkhalamba ikungocheza.

Bowayo ndi wa mai awo a Eleanor. A Elifala anagwira ntchito kudoko la Nacala ku Mozambique, n'kukwatira komweko mai Margareta, mwana wa m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Atapuma ntchito n'kubwerera kuno, maiwo anayamba kuwonda, kusowa nyanja. Amuna awo n'kuwamangira iyi. Bowa anabwera ali kachidutswa ngati chala chachikulu, m'botolo, pamiyendo pa mai Margareta ulendo wonse. Iwo anamwalira. Iye akukulabe.

Vuto: mapampu awiri aang'ono omata m'kati mwa galasi aima. Nthambo zawo zimadutsa m'kabokosi kakuda, kabokosiko kapsa, kakununkha. Pampu ya pansi yosefa madzi yapulumuka, ndiyo yasunga nsomba. Kabokosi kena aitanitsa ku Joni, akuti kafika Khirisimasi itadutsa.

Ndadula nthambo, ndalumikiza mapampu molunjika kubatire. Onse alira. Anali oyang'anizana, wina uku wina uko, ngati nkhunzi zofuna kugundana. Ndati izi n'zamisala, madzi amafuna kudziwa kolowera. Ndawaika mbali imodzi, onse aziponya kumanja. Ngalande yabwino, yowongoka, mpaka mchenga kuuluka.

Mai Eleanor athokoza. Ndabwerera dzuwa likanalipo.

Lachitatu, 27 Novembala

Ku Chisepo, mjigo wa pasukulu. Raba yatha basi, koma a komiti msonkhano wa tsiku lonse. Ndawauza m'maso kuti pakamwa sipatunga madzi.

Ndikukoka mapaipi, m'mutu timanja tija. Kufumbata, kutambasula. Timanjati akutiuza ndani? Mutu tilibe, maso tilibe.

Feteleza wakweranso. Chimanga changa chamera bwino, kupatula kumunsi komwe madzi akokolola.

Lachisanu, 29 Novembala

Andiitananso. Mawu a mai Eleanor pafoni ouma ngati chitsa.

Nyanga za gwape zayera mbali yoyang'ana mapampu. Mnofu wasupuka ngati khungu la chinangwa, wangotsala fupa. Timanja tagonera mbali imodzi, tasiya kufumbata. Nsomba zabisala. Bowa watseka, ubweya wake wonse walowa, pamwamba pali nyezinyezi ngati wapakidwa kandulo. Zinyalala zadikha pa iye, chifukwa kuseri kwa mwala kuja madzi sakufika. Madzi a pamenepo ali zii ngati a m'chithaphwi.

"Mwachita chiyani a Lidia?" Ndawayankha kuti ndachita zomwe anandiitanira, mapampu akuyenda, ngati akufuna sing'anga wa nsomba akamufune ku Lilongwe. Mtima wanga uwu. Pakamwa pamathamanga, nzeru zimabwera wapansi.

Ndaganiza: mbewu yomwe madzi sakuifika, umaitsegulira ngalande yake. Ndatembenuza pampu imodzi, kuiloza pa bowa penipeni. Zinyalala zachoka. Ndati tagwira.

Loweruka, 30 Novembala

Sitinagwire. Bowa wapindika ngati tsamba la kabichi lowauka, mbali yomwe madzi akumenya yatuwa. Ndachotsa pampu msangamsanga, ndachepetsa onse. Makorale kuwamana madzi, akuola. Kuwapatsa, akusupuka. Nanga chinthuchi chimafuna chiyani?

A Elifala atuluka m'chipatala Loweruka likudzali. Adokotala akuti asadzidzimuke ndi kanthu. Mai Eleanor anena maganizo awo: likafika Lachisanu bowa ali chonchi, akhuthula thanki, nsomba apatsa mnzawo wa ku Lilongwe, bambo akawauza kuti galasi linasweka ndi mphenzi. Akuti bola amve kuti zinatha tsiku limodzi kusiyana n'kukhala pampando kuonerera mkazi wawo akufa kachiwiri.

Ndati limenelo ndi bodza, ndipo munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, sanamizidwa ngati mwana. Ndanena mokweza. Iwo akuti: "Inu mukukonza mapaipi, a Lidia. Ine ndikukonza munthu." Misozi mbwee. Maso awo ofiira, sabata yonse pabenchi ya chipatala, kenako minibasi kudzadyetsa nsomba.

Lamulungu, 1 Disembala

Kutchalitchi ndapita, ulaliki sindinamve.

Masana kudimba. Ndakhala pamphepete pa ngalande yanga yomwe. Udzu wa m'madzi wonse wagonera kumunsi. Wa pakamwa pa paipi ndi wometeka, mizu pamtunda. M'makona matope ndi ndere. Zimenezi ndaziona moyo wanga wonse. Ndiye zomwe ndachita m'galasi muja, ndapanga mtsinje.

Ndapempha mai Eleanor ngati ali ndi vidiyo iliyonse ya thanki ikanali bwino. Anditumizira ya tsiku lokumbukira kubadwa kwa bambo awo. Zidzukulu zikuimba, keke, a Elifala avala jekete. Ine maso kuseri kwa mutu wawo. Bowa ali apo, wotambasuka, ubweya wagolide mbuu. Ukupita kumanzere. Waima. Ukubwerera kumanja. Waima. Timanja chimodzimodzi, nyanga nazo. Thanki yonse ikuweyuka ngati munda wa mpunga mphepo ikamaomba mosiyizasiyiza.

Kabokosi kaja ntchito yake inali imeneyo. Kuyatsa pampu iyi, kuzimitsa iyo, kenako kusintha. Nkhunzi zija sizinali zogundana, zinali zopatsana mpata.

Chaka chatha, ndikumanga paipi pachitsime, a Elifala anaima pambali n'kunena: "Mtsinje umapita, a Nachisale. Nyanja sipita. Imapuma, kukoka n'kutulutsa." Ndinati eya, ndikufuna sipanala.

Ndaonera vidiyo ija mpaka foni kuzima. Madzi opita n'kubwerera. Onse aja a m'nyanja, osaoneka tsidya, akupita n'kubwerera chilengedwere dziko. Amawakankha ndani? Ndipo tinyamati tinazolowera kuti chakudya chibwera, chinyalala chichoka, osasuntha ngakhale phazi.

Lolemba, 2 Disembala

Minibasi yoyamba. Mapampu ndawabwezera poyang'anizana, monga anawasiyira mwini wake. Ndakhala pampando, nthambo ziwiri m'manja, batire pamapazi. Kugunditsa iyi, kupuma kawiri katatu, kuchotsa, kugunditsa iyo. Ine ndiye kabokosi.

Dzuwa lisanafike pamutu, timanja tadzuka. Kamodzi kafumbata. Kenako kena. Nsomba zaolenji zatuluka, zikungolola madzi kuzinyamula, uku, uko, osapalasa n'komwe, ngati mwana pamsana. Ndaitana mai Eleanor. Aona, koma maso awo anali pa bowa. Bowa ali chitsekere.

Mapewa akuwawa. Sindingakhale apa mpaka Khirisimasi. Ndinabwera ndi kachipangizo kophethiritsa ma indiketa a galimoto, ndati tiyese. Kakufulumira kwambiri. Mapampu akungodzuma, tcha tcha tcha, madzi osayenda, waya kutentha. Ndakataya panja. Ndakatolanso, si kanga.

Madzulo ndalowa m'chimbudzi chawo chamadzi. Ndakoka chogwirira. Gwaaa, madzi onse nthawi imodzi. Kenako tsiii, kathanki kakudzadza pang'onopang'ono. Ndaima momwemo, dzanja pachitseko. Kukoka n'kutulutsa.

Lachiwiri, 3 Disembala

Kwa a Rodrick pa Mponela, ogulitsa zitsulo ndi zakale zogumula m'nyumba. Kathanki ka chimbudzi kapulasitiki, katsopano, kosagwirapo ntchito. Ndawauza ntchito yake. Aseka mpaka kukhala pa thumba la simenti. "A Nachisale, nsomba za ku Ntchisi zayamba kudzithandiza mwaulemu?" Ndati atseke pakamwa andipatse paipi yaikulu ndi guluu.

Zachitsulo zonse ndachotsa, mabawuti, kandodo, tcheni. A Elifala paja anandikalipira nditaika sipanala pamphepete pa galasi: "Mkuwa ndi dzimbiri m'menemo ndi chiphe." Ndiye pulasitiki yokhayokha. Chotsekera cha raba pansi, ulusi wa nayiloni, botolo lopanda kanthu loyandama. Madzi akakwera, botolo likwera, likoka ulusi, chotsekera chitseguka, gwaa. Akatha, chitseka chokha. Pabwalo panga ndayesa ndi ndowa, zikutheka. Ana a aneba aunjikana kuonerera chimbudzi chodzikoka chokha.

Ndalama za mayendedwe zandithera. Ya feteleza ndaigwira. Zioneka.

Lachitatu, 4 Disembala

Ndakhoma shelefu pamwamba pa thanki, kumanzere. Kathanki pashelefu. Kapampu kakang'ono kazikweza madzi a m'galasi kupita m'kathanki, paipi yaikulu iziwabweza mwamphamvu. Kumanja pampu imodzi yoyenda pang'onopang'ono, kuti funde likatha madzi azibwerera.

Kuyesa koyamba: chigumula. Funde lamenya galasi la kumanja, lakwera, latsikira pakapeti. Nsomba yachikasu yatsala pang'ono kutuluka nalo. Mai Eleanor atulukira kuchokera kukhitchini, ayang'ana kapeti, ayang'ana chimbudzi pamwamba pa balaza la bambo awo. "Mayi inu, muli bwinobwino?" Ndati ayi, koma abweretse chikolopa.

Ndafupikitsa ulusi kuti kathanki kazitsitsa kasanadzadze. Pakamwa pa paipi ndaikapo chigongono, madzi asamenye chinthu mwachindunji. Otayika aja tabwezera, mchere wa m'ndowa ya a Elifala wosungunula m'madzi a mvula. Mai Eleanor ndi amene amadziwa muyeso wake.

Kenako zatheka.

Sindidziwa kuzilemba. Tsiii, chete, thanki yonse ikudikira. Gwaa. Funde likutsika, likuzungulira miyala, lilowa m'mapanga momwe pampu sinafikepo, tizinyalala tikutuluka ngati utsi. Chilichonse chiwerama kumanja. Kenako funde litha, madzi abwerera okha, chilichonse chiweramira kumanzere, mofatsa. Kuwala kwa nyali kukuvina padenga. Ndagwira madzi zaka zonsezi, kuwakweza, kuwatsitsa, kuwalozera njira ngati mbuzi. Lero koyamba ndawaona akuchita zawo.

Ndagona konkuno, kachipinda ka kukhitchini.

Lachinayi, 5 Disembala

Bowa akusenda. Khungu lopyapyala ngati pepala la shuga likusupuka pamwamba pake, funde lililonse likukoka nsanza. Nyanga za gwape zinayamba chonchi.

Mai Eleanor aona. Sanakalipe. "Basi a Lidia, mwayesetsa. Mawa m'mawa tikhuthula." Atulutsa ndowa zonse, aziika pakhonde. Ndapempha kuti adikire mpaka masana. Ndapempha, ine. Apitiriza kutulutsa ndowa.

Koma ndayang'anitsitsa, mphuno pagalasi. Pansi pa nsanzazo si poyera ngati fupa. Ndi pofiirira, posalala, ngati khungu la pansi pa nkhanambo. Njoka nayo ikafundula sikuti yafa. Kapena ndikudzinamiza.

Nyanga za gwape ndiye zapita. Ndazitulutsa, zopepuka, zoyera ngati choko, zonunkha. Kumbuyo kwake kansonga kamodzi kakanali kobiriwira. Ndakathyola, ndakapanikiza mumng'alu wa mwala, pomwe funde limadutsa m'mbali. Mai Eleanor akuti fupalo nditaye kudzala bambo asalione. Ndalitsuka, ndaliika m'chikwama changa. Ndapha ndine, ndinena ndine.

Lachisanu, 6 Disembala

Kutacha nyali yayaka yokha. Bowa waima chilili, nsanza zonse zachoka. Pamwamba pake timadontho, ngati tsemwe pamkono.

Ndakhala pansi. Gwaa, tsiii. Timadontho tikutalika. Gwaa, tsiii. Kalikonse kakutulutsa kaphesi, kunsonga kakutsegula kanyenyezi. Mazanamazana. Osafulumira. Chinthu chopanda maso chikulawa madzi, chikufunsa ngati ndi aja chimawadziwa.

Mai Eleanor alowa ndi ndowa ziwiri ndi paipi yopopera. Aima. Ndowa imodzi aitembenuza, akhalapo. Funde labwera, ubweya wonse wagolide wapita kumanja, waima, wabwerera. Takhala choncho, tiyi mpaka kuzizira.

Pambuyo pake anena chapansipansi, osandiyang'ana: "Amama ankapesa tsitsi lawo apa, akuyang'ana chimenechi." Kenako adzuka, ndowa abwezera kukhitchini, akakwera minibasi kukatenga bambo awo.

Mvula masana. Ndachapa kapeti.

Loweruka, 7 Disembala

Afika ndi galimoto ya mpingo. Awonda. Jekete lija likulendewera. Awalowetsa pampando wamatayala, ndipo ndi dzanja lamanzere aloza pabalaza, osati kuchipinda.

Awaika pamaso pa galasi. Ayang'ana bowa nthawi yaitali. Ndiye pamwamba pawo, gwaa. Adzidzimuka, mai Eleanor agwira pamtima. Nkhalamba yakweza maso, yaona chimbudzi pashelefu, botolo, ulusi. Yayang'ana ine. Yayamba kuseka ndi theka la pakamwa, mapewa kugwedezeka, misozi kutsika mbali zonse ziwiri, yamoyo ndi yakufa yomwe.

Ndagwada, ndatulutsa fupa lija, ndaliika m'dzanja lawo lamanzere. Ndati izi ndapha ndine, ndinayendetsa madzi anu ngati ngalande ya kudimba. Mai Eleanor andiyang'ana diso loti ndidzakuonani. A Elifala alitembenuzatembenuza, alisisita ndi chala. Ndawalozera kansonga kobiriwira mumng'alu. Agwedeza mutu, fupalo aliika m'thumba la jekete.

Kenako ntchito. Aloza chigongono cha paipi. Ndachigwira, ndikutembenuza pang'onopang'ono, ndikuwayang'ana. Chala chikuti pitirizani. Kumbuyo, chakugalasi la kukhoma, pansi pang'ono. Amenya pampando. Pomwepo. Funde lotsatira silinapite molunjika, lagunda galasi la kumbuyo, lazungulira mwala wonse, ladzera pansi pa bowa n'kumunyamula m'mphepete ngati siketi. Ngakhale kona ya mchenga yomwe inandikanika yagwedezeka. Ine masiku onsewa ndinali pafupi, koma si pamenepo.

Sindinapirire. Ndawafunsa ngati nyanja yeniyeniyo ili chonchi. Alimbana ndi lilime, nsagwada ikunjenjemera, mai Eleanor akuti asavutike. Latuluka liwu limodzi, loyamba chidwalireni, akutero mwana wawo.

"Pang'ono."

Lolemba, 9 Disembala

Kunyumba. Chimanga chikufuna kupalira. Mjigo wa ku Chisepo wayambanso kuvuta, aimba kawiri, sindinayankhe.

Mai Eleanor atumiza uthenga: kathanki kakuyenda, bambo akudya chakudya chawo pabalaza, akana kuti chimbudzi chidzachotsedwe ngakhale kabokosi kakafika. Andipatsa ya ntchito, awonjezera ya mayendedwe. Sanatchule za fupa.

M'mawa ndinatsegulira madzi kudimba. Ndinawayang'ana akupita, akupita, osacheuka. Ndinawamvera chisoni.

Pa Mponela pali dalaiva wa thiraki amene amakatenga feteleza ku Nacala. A Rodrick akumudziwa. Akuti kutsogolo mumakhala malo, bola pasipoti. Pasipoti ndilibe. Ndafunsa kale komwe amajambulitsa zithunzi zake.

Pang'ono, akutero. Galasi lonse lija, bowa, timanja, funde lozungulira mwala. Ngati chimenecho ndi pang'ono, ndiye nyanja yeniyeniyo ili bwanji?